Setilaiti siima, imagwa osafika pansi

A Mkonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhe funso limene linandipeza ndili pamwamba pa makwerero, sipanala ili kukamwa, moti tsikulo sindinaliyankhe.

Ine ndinapuma pantchito ya matelefoni, ya nthambo ndi mapolo ija, ndipo poti ndalama ya penshoni imathera m'njira, masiku ano ndimayenda ndi mphwanga kumangirira anthu madishi a TV. Mwezi wathawu tinali kwa amfumu ena kuseri kwa phiri kuno kwathu. Ana awo a ku Joni anawatumizira TV, dikoda ndi sola, ndiye anatiitana. Ine ndinali pakhoma kutembenuza dishi pang'onopang'ono, mphwanga ali m'nyumba kuwerenga manambala pa TV n'kumakuwa pawindo: "Fote, amalume! Fifite-faifi! Mwapitirira, bwezaniko pang'ono! Pomwepo, sevente-eyiti, mangani!" Amfumu anali pabwalo pansi pa mtengo wa mango, chipewa pabondo, kutiyang'ana. Nditayamba kumanga mabawuti anati, "Amisiri, chinthu mukuchisakachi, kumwambako anachipachika pa chiyani?"

Ndisanachotse sipanala kukamwa mphwanga anali atayankha kale. "Sanachipachike, agogo. Chimangoima. Kumwamba kulibe mphamvu yokokera zinthu pansi." Amfumu anangoti "Oho," koma nkhope yawo inali ya munthu amene waweruza milandu yambiri, wodziwa mboni ikayamba kupeka.

Manyazi anagwira ine, osati mnyamatayo. Wakwera nane madenga zaka zitatu. Amadziwa kuti kuno dishi imayang'ana chakumpoto, amadziwa kupotoza LNB, kachipangizo kolandira mafunde kokhala patsogolo pa dishi kaja, mpaka siginolo itakwera, amadziwa kuti mtengo wa bulugamu ukatchinga palibe chako. Koma chifukwa chake cha zonsezi sachidziwa, poti sindinamuuzepo. Ndipo si iye yekha. Anyamata ambiri a ntchito yathuyi amakhulupirira kuti setilaiti ndi chinthu choima ngati babu lapadenga. Siima. Palibe setilaiti imene inaimapo chiyambire. Kuti zimveke, ndiyambire pa imodzi mwa makolo ake, yotchedwa Telstar, chifukwa imeneyo ndiye ankachita kuithamangitsa ngati nkhuku yophera alendo.

Ndinamva koyamba za Telstar kwa mphunzitsi wathu pa kosi ya matelefoni, amene ankasunga chithunzi chake m'kabati ngati cha m'bale wake. Anaiponya mumlengalenga pa 10 Julaye 1962 kuchokera ku Cape Canaveral, m'chigawo cha Florida ku America. Oipanga anali akatswiri a Bell Telephone Laboratories, nthambi ya kampani ya matelefoni ya AT&T, ndipo kampaniyo inalipira NASA, bungwe la boma la America loona za mumlengalenga, madola 3 miliyoni kuti iikwezere ndi roketi. Kanthu kake kanali kozungulira ngati dzungu lalikulu, masentimita 88 kuchoka mbali iyi kufika mbali inayo, kolemera makilogalamu 77. Limenelo ndi thumba limodzi ndi theka la chimanga. Wakabaza wamphamvu akanaimanga pakaliyala n'kunyamuka. Thupi lake anamatapo timagalasi ta sola 3,600, koma magetsi onse amene tinkatulutsa anali mawati 14 okha. Sola ya amfumu ija ikuposa pamenepo kangapo. Okonda mpira dzinali mukulidziwa mosadziwa: mpira wa zigamba zakuda ndi zoyera umene Adidas inapangira World Cup ya 1970 ku Mexico, womwe mwana aliyense amajambula mukamuuza kuti ajambule mpira, dzina lake ndi Telstar.

Vuto limene ankafuna kuthana nalo ndi losavuta kulimva. Mafunde onyamula zithunzi za TV amayenda chowongoka, pamene dziko ndi lozungulira. Pakati pa America ndi Ulaya pali nyanja ya Atlantic, ndipo panyanja simungadzalepo nsanja. Nthambo ya telefoni yoyamba kudutsa pansi pa nyanjayo, ya mu 1956, inkanyamula matelefoni 36 okha panthawi imodzi, zithunzi za TV ayi. Chikachitika chinthu ku London, filimu yake ankaikweza ndege kuti a ku New York akaone. Mu 1960 anayesa kukweza chibaluni chonyezimira, Echo 1, cha mamita 30, kuti mafunde azingogunda n'kubwerera ngati kuwala pagalasi, koma ofika pansi ankakhala ofooka kwabasi. Telstar inali yosiyana. Inkalandira mafunde, kuwawonjezera mphamvu, n'kuwatumizanso pansi. Inkatha kunyamula tchanelo imodzi ya TV kapena matelefoni mazanamazana.

Tsono pomwe pagona nkhani yanga ndi panjira yake. Telstar sinkazungulira dziko mozungulira bwinobwino ngati mkombero wa lichero. Njira yake inali ngati dzira. Ikayandikira dziko inkatsika kufika makilomita pafupifupi 950, ikatalikira inkakwera kufika pafupifupi 5,900. Poyandikirapo inkathamanga kwambiri, kutaliko inkayenda mwachifatse. Ulendo umodzi wozungulira dziko lonse unkatenga maola awiri ndi mphindi pafupifupi 38, kutanthauza maulendo 9 patsiku. Kuti chithunzi chiwoloke nyanja pankafunika kuti siteshoni ya ku America ndi ya ku Ulaya zonse ziwiri ziziiona panthawi imodzimodzi, ndipo zimenezi zinkatheka kwa mphindi ngati 20 basi, komanso osati paulendo uliwonse. Ikalowa kuseri kwa dziko, nkhani yathera pomwepo, dikirani ibwerenso. Tangoganizani mukuonera mpira, mphindi 20 zatha, wina wagwetsedwa m'bokosi, chithunzi zii.

Ndiye taganizirani ntchito ya amisiri anzanga a nthawiyo. Ine ndimasaka setilaiti kamodzi, kumanga mabawuti anayi, kulandira yanga n'kumapita. Iwo ankafunika kuisaka ikangotulukira kumphepete kwa thambo, n'kumaitsatira ikuyenda mpaka italowa. Ku Andover, m'chigawo cha Maine, anamanga khutu lake ngati chilipenga chachikulu, chotalika mamita 54, cholemera matani opitirira 300, chokhala m'kati mwa chinyumba chopopa ndi mpweya kuti mphepo ndi chipale zisachisokoneze. Chitsulo chonsecho chinkatembenuka pang'onopang'ono kulondola kanthu konga dzungu kali pamtunda wa makilomita masauzande. Afalansa anamanga chofanana nacho ku Pleumeur-Bodou. Angelezi, kudzera kwa a positi awo, anakana lipenga n'kumanga mbale yaikulu ya mamita 26 ku Goonhilly Downs, ku Cornwall. Mbale imeneyo ndiye gogo wa tonse omangirira madishi.

Pali kankhani ka ku Goonhilly komwe kamanditonthoza ndikalakwitsa ntchito. Usiku woyamba Afalansa analandira chithunzi chooneka bwino: mbendera ya America ikupepezeka panja pa siteshoni ya Andover. Angelezi analandira zosaoneka bwino, zodukaduka. Chifukwa? Mafunde a Telstar ankabwera mopotana ngati chingwe, ndipo panali kusamvana ngati akupotera kumanja kapena kumanzere, moti kachitsulo kena anakaika chotembenuza. Mawa lake anakatembenuza, chithunzi n'kubwera mbee. Akatswiri a digiri zawo, mbale ya matani oposa 1,000, kugwa ndi chomwecho chimene chimagwetsa mphwanga akaika LNB chopendeka.

Pa 23 Julaye 1962 ndi pomwe anthu wamba a mbali zonse ziwiri anaonera limodzi. Dongosolo linali loti ayambe ndi Pulezidenti John F. Kennedy akulankhula ndi atolankhani, koma setilaiti inapezeka iye asanakonzeke. Setilaiti siidikira pulezidenti. Ndiye a ku Ulaya anayamba aonera kaye masewero a baseball a Philadelphia Phillies ndi Chicago Cubs ku Chicago, masewero oti ambiri a iwo sankawadziwa mutu wake.

Nthawi imeneyo ife tinali m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo wailesi ya kanema yathuyathu inadzatsegulidwa mu 1999. Koma njira ya Telstar inali yopendekera madigiri 45 poyerekeza ndi ikweta, mzere wongoyerekeza wogawa dziko lapansi pakati, kutanthauza kuti inkapita kumpoto kwa dziko n'kutsikiranso kummwera. Dziko lathu lili mkati mwa lamba ameneyo. Inkadutsa pamwamba pa makolo athu akulima, kungoti tinalibe khutu loimvera.

Moyo wake sunatalike, ndipo imfa yake imandipsetsa mtima mpaka lero. Tsoka silinunkha: pa 9 Julaye 1962, kutangotsala tsiku limodzi kuti Telstar ikwere, asilikali a America omwewo anaphulitsa bomba la nyukiliya pamtunda wa makilomita 400 pamwamba pa nyanja ya Pacific, pafupi ndi chilumba cha Johnston. Kuyesako anakutcha Starfish Prime. Magetsi a m'misewu anazima ku Hawaii, mtunda wa makilomita oposa 1,000. Poizoni wa bombalo sanabalalike n'kutha. Anakodwa mumphamvu ya maginito ya dziko n'kukhala ngati lamba, ndipo njira ya Telstar inkadutsa mommo maulendo 9 patsiku. Nawo a Soviet Union anaphulitsa awo kumwamba mu Okutobala chaka chomwecho. Matransistor, tizipangizo tamagetsi ta m'kati mwake, anayamba kupsa pang'onopang'ono, ndipo mu Novembala Telstar inasiya kumvera. Akatswiri a Bell anachita ukadaulo wawo ali pansi pano mpaka inatsitsimuka kumayambiriro kwa Januwale 1963, koma pa 21 Febuluwale inakhala chete mpaka kalekale. Dzanja lina likumanga, lina likugwetsa, dziko limodzi lomwelo. Mu Ogasiti 1963 America, Britain ndi Soviet Union anasainirana ku Moscow pangano losiya kuyesa mabomba otere mumlengalenga, mumpweya ndi pansi pa madzi. Kwa Telstar madzi anali atafika kale m'khosi.

Inafa, koma sinagwe. Ikuzungulirabe mpaka lero, yopanda injini, yopanda mafuta, yopanda woiyendetsa. Apa ndi pomwe pali yankho la amfumu aja.

Kwerani pa Sapitwa, mutole mwala muuponye chopingasa. Ugwa chapafupi. Muuponye ndi legeni, ugwa chapatali. Chipolopolo cha mfuti chigwa patali koposa. Zonsezi zikugwa chifukwa dziko likuzikoka. Koma dziko ndi lozungulira, pansi pamanka napendekera. Mwala uja utathamanga makilomita pafupifupi 8 pa sekondi imodzi, ndipo utakhala pamwamba pomwe kulibe mpweya woubweza, pamene ukugwa napo pansi pakhala pakuuthawa. Uzigwabe, uzigwabe, osafika, mpaka ukutulukireni kumsana. Setilaiti ndi imeneyo. Roketi ntchito yake ndi kuikweza n'kuikankha chopingasa, basi. Mphamvu yokoka ija, imene mphwanga amati kumwamba kulibe, ndiye chingwe chake. Ikanakhala kulibe, Telstar ikanangopita chowongoka osaonekanso.

Nanga bwanji dishi ya amfumu sitembenuka? Chifukwa kutalika kwa ulendo kumayendera kukwera kwake. Siteshoni ya mumlengalenga imene mumakhala anthu ija ili pamtunda wa makilomita 400 ndipo imazungulira dziko pa ola limodzi ndi theka. Telstar, yokwererapo, maola awiri ndi theka n'kanthu. Mwezi, womwe uli pa makilomita 384,000, umatenga masiku 27. Pakati pa zimenezi payenera kukhala malo pomwe ulendo umatenga tsiku limodzi ndendende, ndipo malowo alipo: makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta. Setilaiti ikakhala pamenepo n'kumalowera kummawa, imazungulira limodzi ndi dziko. Zili ngati maminibasi awiri oyenda moyandikana paliwiro limodzi: ukayang'ana pawindo, inayo imaoneka ngati yaima, koma tatsika uone. Chinthu chimene mphwanga amati chimangoimacho chikuthamanga makilomita 11,000 pa ola. Blantyre mpaka Lilongwe, mphindi ziwiri sizikwana. Ndipo poti ikweta ili kumpoto kwathu, n'chifukwa chake madishi a kuno amayang'ana chakumpoto, pamene a ku London amayang'ana kummwera.

Nzeru imeneyi sinali yachilendo mu 1962. Mngelezi wina, Arthur C. Clarke, anali atalemba kale mu 1945 kuti masetilaiti atatu oikidwa pamtunda umenewu angakwanire pafupifupi dziko lonse. Chovuta chinali kufikako, chifukwa maroketi a nthawiyo anali ofooka. A AT&T ankaganiza zokweza ma Telstar makumi angapo kuti ina ikamalowa ina izitulukira. Koma ku kampani ya Hughes kunali katswiri wina, Harold Rosen, amene anaumirira kuti apange kanthu kopepuka koti kakafike kumwambako. Yoyamba, Syncom 1, inasowa ikungofika mu Febuluwale 1963. Yachiwiri, Syncom 2, inatheka mu Julaye chaka chomwecho, ndipo mu Ogasiti Kennedy analankhula patelefoni ndi nduna yaikulu ya Nigeria, Abubakar Tafawa Balewa, mawu akudutsira pasitima yapamadzi ya America imene inakocheza padoko la Lagos. Ndimakonda kukumbutsa anyamata kuti Africa inalowa m'nkhaniyi koyambirira, osati kumapeto. Syncom 3 inakwera pa 19 Ogasiti 1964, patangotha milungu 6 ife titalandira ufulu, ndipo inaonetsa a ku America masewero a Olympics a ku Tokyo mu Okutobala. Pa 6 Epulo 1965 inakwera Early Bird, ya bungwe la Intelsat, yonyamula matelefoni 240 usana ndi usiku osadukiza. Mkangano unathera pamenepo. Amene munaonapo mbale zikuluzikulu zija za ku Kanjedza ku Limbe, zinkayang'ana zidzukulu za Early Bird.

Koma kukwera kutali kuli ndi mtengo wake, ndipo a AT&T sankanama podandaula. Mawu amakwera makilomita 36,000 n'kutsikanso ena 36,000. Ngakhale pa liwiro la kuwala, imeneyo ndi kota ya sekondi, ndipo yankho kuti likupezeni ndi theka la sekondi. Akuluakulu anzanga mukukumbuka matelefoni akunja a masiku aja. Mayi wina anabwera kudzaimbira mwana wake ku Britain ine ndili pantchito. "Halo?" Chete. "Halo, mwanawe?" Pomwepo nayenso mwana uja "Halo, amama?" Onse kusiya, onse kuyambanso limodzi, ngati anthu awiri okumana pakhomo lopapatiza. Anatuluka akudandaula kuti mwana wawo wayamba mwano, akuwadula mawu. Ndinayesa kuwafotokozera kuti wolakwa ndi mtunda, koma ndalama zawo zinali zitapita kale.

Chimene chimandiseketsa ndi chakuti pano tabwereranso kwa Telstar. Intaneti ya Starlink, imene inafika m'dziko muno mu 2023, imadalira masetilaiti masauzande ozungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 500, ina ikamalowa ina ikutulukira, monga momwe a AT&T ankalotera. Kuyandikirako ndi komwe kumachotsa kuchedwa kuja. Ntchito imene ku Andover inkafuna chitsulo cha matani 300, lero ikugwiridwa ndi kambale kafulati konga thireyi ya tiyi, kamene kamalondola setilaiti ndi nzeru za m'kati mwake. Ndipo mukaona kanyenyezi kakuyenda mwakachetechete madzulo dzuwa litangolowa, kosathwanima ngati ndege, musathamangire kudzutsa mudzi kuti kwadutsa ndege ya afiti. Kuno kwada, koma kumwambako dzuwa likuwalabe, ndiye likuwalira chitsulo.

Pempho langa, a Mkonzi, lili pawiri. Masukulu a ntchito zamanja amene akuphunzitsa anyamata ndi atsikana zamagetsi awonjezepo tsiku limodzi lokha la nkhani imeneyi. Mmisiri wodziwa chifukwa chake sanamiza kasitomala. Ndamvapo anyamata akuuza anthu kuti "setilaiti yasuntha, pakufunika yokonzera," pamene vuto ndi mvula yamphamvu imene imameza mafunde, yoti ikakata chithunzi chibwera chokha, kapena bawuti imene iwo omwe sanaimange bwino. Chachiwiri ndi inu. Masamba a ndale ndi a mpira muli nawo okwanira. Tipatseniko kakona, ngakhale kamodzi pamwezi, kofotokoza zinthu ngati izi m'Chichewa. Ena amati chilankhulo chathu sichingathe sayansi. Ine ndaona nkhalamba yosapita kusukulu ikufunsa funso lomwe mnyamata wa Fomu 4 sanaliganizirepo, ndipo inafunsa m'Chichewa.

Loweruka lapitali ndinabwerera kwa amfumu aja kukatenga ndalama yotsala. Ndinapita ndi mphwanga dala. Ndinatola chitsononkho, kuchimanga pachingwe, n'kuyamba kuchizungulitsa pamwamba pa mutu wanga ana akuseka. Ndinati chingwechi ndi mphamvu ya dziko, chitsononkhochi ndi setilaiti. Ndikasiya chingwe chithawa, ndikasiya kuzungulitsa chindigwera. Ndinawafotokozera za mwala wa pa Sapitwa, za Telstar ndi bomba lija. Anamvetsera osandidula, mphwanga atazolika.

"Ndiye mukuti chikugwa?"

"Chikugwa, mfumu."

"Chija cha azungu chakufacho, chiyambire liti?"

"Chiyambire 1962."

"Osafika?"

"Osafika."

Anayang'ana kumwamba kupyola masamba a mango kwa kanthawi, kenako anaitana mdzukulu wawo kuti awanyamulire mpando aulowetse pakhonde.

Mmisiri wa madishi,
Machinga